Kulumikiza mawaya a njinga yamoto kuti izikoka ngolo ya mabuleki a magetsi

Kuno ku Mchinji nyengo yokolola ikafika anthu ambiri akumawotcheretsa tingolo tokoka ndi njinga yamoto, tonyamulira mtedza ndi soya kuchokera ku Mkanda kapena ku Kapiri mpaka pa Kamwendo. Vuto nloti ngolo ikadzaza matumba imayamba kukankha njinga mukaponda buleki, makamaka potsetsereka, nde mabuleki a pa ngolo ndi ofunika zedi. Koma abale anga, mabulekiwa musawatengere moto pa waya wa getsi lakumbuyo ayi, muwotcha mawaya onse a njinga. Moto wake uzichokera ku batire basi.

Musanagule kanthu yambani mwayeza ngati njinga yanu ikwanitse. M'gudumu lililonse la ngolo mumakhala maginito yomwe imagwiritsa buleki ikalandira moto, ndipo imodzi imadya ma amp 2.5 mpaka 3, magudumu awiri ndiye 5 kapena 6, pamene tinjinga ta 125cc ndi 150cc timapanga moto wochepa komanso batire yake ndi yaing'ono. Lizani injini, yatsani magetsi onse, ikani mita pa batire nkukweza moto pang'ono. Ikawerenga pakati pa 13.5 ndi 14.5 volts zili bwino. Ikakhala pansi pa 13 konzani kaye zotchaja, mwina ndi rekitifaya kapena koyilo, ndipo mababu a ngolo onse akhale a LED kuti moto utsaleko.

Chachiwiri ndi kabokosi kotchedwa brake controller, komwe kamatumiza moto ku maginito a ngolo mukagwira buleki. Kalipo ka mitundu iwiri, kena kamamva mmene galimoto ikuimira ndipo kamafuna kamangidwe moyang'ana bwino, kena kamangowonjezera mphamvu pang'onopang'ono mukagwira buleki, amati time delay. Pa njinga ine ndimakonda kachiwirika chifukwa njinga imapendekeka pa kona ndipo imadumphadumpha m'mabampu, koyambako kamasokonezeka. Tidziwe kuti timabokositi anatipangira mkati mwa galimoto, sitigwirizana ndi mvula kapena fumbi, nde kaikeni m'kabokosi ka pulasitiki koma pamalo poti dzanja lifike pa batani lake logwirira mabuleki a ngolo pamanja.

Ka brake controller aka kali ndi mawaya anayi. Wakuda upite ku + ya batire, ndipo pafupi ndi batire pomwepo muikepo circuit breaker ya 20 amp, yomwe imadula moto ukachuluka ngati fyuzi, yodzibwezeretsa yokha ija ndiyo yabwino chifukwa fyuzi ikapsa muli pamtsetse ndiye kuti mabuleki a ngolo athera pomwepo. Woyera upite ku - ya batire, osati pa bawuti yadzimbiri ya felemu. Wabuluu ndi wopita ku maginito a ngolo. Atatuwa akhale onenepa, cha m'ma 4mm, osati timawaya ta wailesi tija. Wofiira ndi wongouza kabokosi kuti mwagwira buleki, umalumikizidwa pa waya wa getsi la buleki.

Apa mpamene amakanika ambiri amasokonezera. Pa njinga za Honda ndi zambiri za ku China zotengera Honda, waya wa getsi la buleki ndi wobiriwira wa mzere wachikasu, wobiriwira yekhayekha ndi wa ethi (wobwerera ku - ya batire), wa olenji ndi indiketa yakumanzere, wabuluu wowala yakumanja, wabulawuni ndi getsi lakumbuyo. Koma njinga zathuzi zadutsa m'manja mwa anthu ambiri, osakhulupirira mtundu wokha. Tengani tesita ya babu, waya woyenera ndi womwe ukuyatsa babu mukafinya buleki yakumanja, ukuyatsanso mukaponda ya phazi, nkuzima mukasiya. Ukakhala ukuyaka nthawi zonse kiyi ikatsegulidwa ndiye kuti mwagwira mbali yolakwika ya swichi, ngolo izingomanga mabuleki njira yonse mpaka madiramu kutentha.

Magetsi a ngolo, indiketa ndi zina, ndi bwino adutse pa ma rileyi (timaswichi toyatsidwa ndi magetsi) otenga moto ku batire pa fyuzi yawoyawo, kuti waya wa ngolo ukakhudzana ndi chitsulo njinga isazime magetsi usiku.

Pulagi gulani ya mapini 7. Zomwe zimapezeka kunozi zambiri zilibe pini yolembedwa kuti ya mabuleki, nde sankhani pini yotsala ndipo mbali zonse ziwiri zifanane. Ethi ikhale ndi waya wakewake wonenepa mpaka ku maginito, osadalira chitsulo chokokera chija, fumbi la msewu wa ku Mkanda likalowa pamenepo ndi girisi mabuleki amangogwira mwa apo ndi apo. Mawaya awiri a maginito alibe kuti uyu ndi + uyu ndi -, wina ku wabuluu wina ku ethi basi. Polumikiza paliponse wotcherani ndi soda nkukulunga bwino, kungopota ndi tepi sikuchedwa kumasuka. Siyaninso waya wolendewera pang'ono pokokera kuti pokhota asaduke, koma asakhudze tcheni kapena ekizozi.

Mukamaliza kwezani gudumu la ngolo pa njerwa, wina alizungulize inu mukanikize batani la kabokosi. Mumva kulira kwa maginito kuti mmm ndipo gudumu liime. Kenaka pitani pabwalo kapena msewu wafumbi wopanda anthu, muyende cha m'ma 30 km pa ola, muzigwira buleki nkumawonjezera mphamvu yake pa kabokosi mpaka matayala a ngolo ayambe kukwekwereza, kenako mubwezeko pang'ono. Mukapakira matumba muwonjezere, mukatsitsa muchepetse, chifukwa ngolo yopanda katundu ikamanga matayala imatembenukira m'mbali nkukugwetsani. Matumba olemera akhale pamwamba pa ekiselo, patsogolo pang'ono. Ndipo musanalowe nayo mu tala wa ku Lilongwe kafunseni kaye ku Road Traffic za mapepala a ngoloyo.