Foni ya kiyibodi ikayamba kuvuta sabata yoyamba: zoyesa nokha musanapite kwa okonza

Mafoni a Android okhala ndi mabatani enieni a zilembo pansi pa sikirini akadalipo, ndipo amakomera munthu wolemba kwambiri: kalaliki wa ku esiteti ya tiyi, mlembi wa kalabu ya alimi, mphunzitsi wotumiza malipoti pa WhatsApp. Odziwika kwambiri ndi BlackBerry KEYone ya 2017 ndi KEY2 ya 2018, zomwe inkapanga kampani ya TCL, komanso Unihertz Titan Pocket ya 2021 ndi Titan Slim ya 2022. Zambiri zili munozi zikunena Titan Pocket, kafoni kojintcha ka sikirini ya mainchesi 3.1, batire ya 4,000 mAh ndi Android 11. Pomwe BlackBerry ikusiyana titchula.

Madandaulo ochuluka a masiku oyamba amachokera m'masetingi ndipo amatha osamasula sikuluwu ngakhale imodzi. Ochepa otsalawo, omwe ali m'chipangizo chenichenicho, ndiwo ofunika kuwagwira msanga wogulitsa asanakane kubweza. Sikirini ya Tecno kapena Itel wokonza mafoni pa Chitakale kapena pa Luchenza akhoza kukupezerani mwachangu. Kiyibodi ya Titan ndi yochita kuitanitsa kunja.

Musanapereke ndalama

Ngati foniyo ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, monga zobwera ndi achibale a ku Joni, uzani wogulitsa achotse akaunti yake ya Google inu mukuona. Foni ikafufutidwa akaunti yakale ili momwemo, poyatsa imafuna pasiwedi ya mwini wakeyo ndipo simupitirira. Imbani *#06# muone ngati nambala ya IMEI ikufanana ndi ya pa bokosi.

Chenjerani ndi dzina loti BlackBerry. Za kalekale monga Bold, Curve, Q10 ndi Classic si za Android. WhatsApp inasiya kugwira pa mafoni amenewo kumapeto kwa 2017, ndipo kampani ya BlackBerry inatseka ntchito zowathandiza pa 4 Januwale 2022. KEYone ndi KEY2 ndi za Android, koma zinaima pa Android 8, choncho pulogalamu ya banki yanu muiike ndi kuitsegula musanagule. Pa KEYone kankhaninso pang'ono m'mbali mwa sikirini ndi chikhadabo, chifukwa zoyamba kutuluka zinali ndi vuto la sikirini kumatuka. Pa KEY2 batani lofunika kuliyesa kwambiri ndi la sipesi.

Kenako tsegulani pomwe mumalemba uthenga, mudine batani lililonse kakhumi, mzere ndi mzere. Mukhale ndi q khumi, w khumi, mpaka m. Werengani. Batani lotulutsa zilembo 12 kapena 8 lili ndi vuto. Bwerezani mutagwira Alt, kenako Shift. Dinani pakati pa batani komanso m'mphepete, popeza batani lotopa limayamba kukana m'mphepete. Ntchito yonseyi siposa mphindi khumi.

Manambala, nyenyezi ndi mkodolero

Apa ndi pomwe ambiri amakwiyira foni tsiku loyamba. Kiyibodi ilibe mzere wa manambala. Manambala ndi zizindikiro zalembedwa mwaung'ono pa mabatani a zilembo, ndipo zimatuluka mukayamba mwadina Alt. Pa BlackBerry 1, 2, 3 ali pa W, E, R. 4, 5, 6 ali pa S, D, F. 7, 8, 9 ali pa Z, X, C. Chizindikiro cha # chili pa Q ndipo nyenyezi ili pa A. Titan Pocket inayala mosiyana, ndipo sipesi yake ili mumzere wam'munsi pakati pa V ndi B. Wozolowera BlackBerry amaphonya B ndi N masiku oyamba. Ndi zala chabe, foni ili bwino.

Choopsa ndi pa Airtel Money ndi Mpamba. Mukaimba *211# kapena *444#, kabokosi koyankhira kamalandira zilembo ndi manambala omwe. Mukaiwala Alt polemba PIN, m'malo mwa manambala mulowa zilembo, ndipo mukalakwitsa kangapo akaunti imatsekedwa. Mukachedwanso kusaka batani, menyu imadula n'kuyambiranso. Pa mafoni ambiri otere kudina Alt kawiri motsatizana kumaikhoma, ndiye mumalemba manambala onse osaigwira, n'kuidinanso kamodzi pomasula. Yesani kaye zimenezi mu uthenga wamba. Njira ina ndi kupita ku Settings, System, Languages & input, Physical keyboard, n'kuyatsa kiyibodi ya pa sikirini kuti idzioneka pamodzi ndi ya mabatani. Imadya malo pa kasikirini kakang'onoko, koma pa nkhani ya ndalama ndi bwino kuona chomwe mukudina. Makodi ogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku asungeni ngati manambala a anthu, kuti musamasake nyenyezi muli pamzere kwa ejenti.

Chichewa chili ndi vuto lakelake. Pulogalamu ya kiyibodi yobwera ndi Titan Pocket, ya Kika, imaganiza kuti mukulemba Chingerezi, ndiye "ndafika" kapena "mawa" imasintha kukhala mawu ena mukangodina sipesi. Zimitsani Auto-correction mu masetingi a kiyibodiyo, ndipo muzimitsenso Spell checker yomwe ili pa Languages & input, popeza n'zinthu ziwiri zosiyana ndipo kuzimitsa chimodzi sikukwanira. Mkodolero wa mu "m'nyumba", "ng'ombe" ndi "n'chifukwa" muudziwe pomwe uli, chifukwa muziufuna pafupifupi chiganizo chilichonse. Pa BlackBerry ndi Alt ndi K. Olemba ŵ ayese kudina W mosachotsa chala. Ngati pakungotuluka W wamkulu kapena w wobwerezabwereza, sinthani pa masetingi a kiyibodi zomwe kudina kwanthawi yaitali kumachita.

Chilembo chikamatuluka kawiri

Mukalemba "moni" n'kutuluka "mooni", musathamangire kumasula foni. Pali zoyambitsa zitatu ndipo zimasiyanitsika.

Choyamba ndi mapulogalamu awiri a kiyibodi kulimbirana batani limodzi. Zimachitika mukaika Gboard kapena SwiftKey pamwamba pa yobwera nayo. Chizindikiro chake n'chakuti vuto limayendayenda pa zilembo zosiyanasiyana, kapena limaoneka mu pulogalamu imodzi yokha. Siyani kiyibodi imodzi yoyatsa pa Manage keyboards. Kuti mutsimikize, lowetsani foni mu Safe mode: gwirani batani lozimitsira, kenako gwirani mawu oti Power off mpaka ifunse. Mu Safe mode mapulogalamu oika nokha sagwira ntchito. Vuto likatha mmenemo, wolakwa ndi pulogalamu yomwe munaika.

Chachiwiri ndi kukhudza. Pamwamba pa mabataniwa pamamva chala ngati sikirini, kuti muzitha kutsitsa tsamba pongopukusa chala pa kiyibodi. Zala zikakhala zonyowa kapena za thukuta, foni imaona ngati mukupukusa pomwe mukulemba, ndiye kachizindikiro kolembera kamadumpha mzere kapena mawu amafufutika. Zimitsani kupukusako mu masetingi a kiyibodi, mulembe tsiku lonse, muone ngati zasintha.

Chachitatu ndicho cha chipangizo. Pansi pa batani lililonse pali kachitsulo kopyapyala kotukuka, kamene kamagunda waya mukadina n'kubwerera mukasiya. Fumbi, shuga wa m'tiyi kapena dzimbiri zikalowa, kamagunda kawiri kapena osagunda n'komwe. Apa vuto limakhala pa batani lomwelomwelo nthawi zonse, mu Safe mode momwe. Zimitsani foni, muizondotse mabatani aloze pansi, mupukute mipata ndi mswachi wofewa wouma. Zikapitirira, nyowetsani nsonga ya mswachi ndi isopropyl alcohol wa 90 peresenti kapena kuposa, madontho awiri okha, mupukute mozungulira batanilo mukulidina kangapo, mudikire theka la ola musanayatse. Sanitaiza wa m'manja ayi, amasiya zomata. Musatokose ndi singano kapena kuzula batani, chifukwa tizogwirira take ndi tapulasitiki ndipo tikathyoka sitibwerera. Ngati foni ndi yatsopano ndipo batani likukanabe, ibwezeni isanatsegulidwe ndi wina aliyense.

Chiperoni

Titan yoyamba ya 2019 inapangidwa yosalowa madzi. Titan Pocket, ngakhale imaoneka yolimba, sinalonjezedwe zimenezo, chimodzimodzi KEYone ndi KEY2. Kuno ku Mulanje ndi Thyolo chimenechi si chinthu chaching'ono. Mvula yamphamvu aliyense amaithawa. Yoononga mwakachetechete ndi ya mawawa ndi nkhungu za chiperoni miyezi yozizira, zomwe zimanyowetsa jekete osazindikira. Foni wamba ndi galasi limodzi losalala, pomwe iyi ili ndi mpata kuzungulira batani lililonse.

Mukakwera kabaza, kuyenda m'mizere ya tiyi m'mawa kapena kukwera phiri kuchokera ku Likhubula, foni ikhale m'kapepala ka pulasitiki kotseka pakamwa, m'thumba la mkati. Ikanyowa, izimitseni pompo, chotsani kathireyi ka SIM, ipukuteni, ndipo musaitchaje. Magetsi akadutsa pa chinyontho ndi pamene zitsulo zimadyeka. Iikeni mozondoka pamalo pouma podutsa mphepo kwa masiku awiri, kapena m'chitini chotseka pamodzi ndi timapaketi ta silica gel topezeka m'mabokosi a nsapato. Mpunga suthandiza kwenikweni, ndipo fumbi lake limalowa m'mabatani momwemo. Pafupi ndi mbaula kapena padzuwa lamphamvu ayi, kutentha kumatupitsa batire.

Mauthenga ofika mochedwa

Foni ili chete m'thumba, koma mukangotsegula WhatsApp mauthenga makumi awiri akhuthuka nthawi imodzi. Netiweki imanamiziridwa, pomwe ndi foni yomwe ikutseka mapulogalamu pofuna kusunga batire. Pa Titan Pocket pali malo atatu oti muyang'ane. Pa Settings lowani mu Intelligent Assistance, mupeze App Blocker, muchotsemo WhatsApp, imelo, alamu ndi pulogalamu iliyonse yomwe iyenera kukudzutsani. Ngati pali DuraSpeed, yomwe imabwera ndi mafoni ambiri a purosesa ya MediaTek, loletsani mapulogalamu omwewo mmenemo kapena muizimitse. Pomaliza pitani pa Apps, sankhani pulogalamuyo, Battery, muike kuti isachepetsedwe mphamvu. Mukakonza malo amodzi okha vuto limabwerera. Ngati Data Saver ndi yoyatsa pofuna kusunga bandulo, mupatsenso WhatsApp chilolezo cha Unrestricted data.

Sikirini ya mbali zinayi zofanana

Sikirini ya Titan Pocket ndi ya madontho 716 kwa 720, pafupifupi sikweya, pomwe mapulogalamu amapangidwira mafoni aatali. Zotsatira zake batani la Next kapena Confirm limabisala pansi osafikika, makamaka polembetsa mu mapulogalamu a banki. Tsitsani menyu ya pamwamba muyatse Mini Mode, yomwe imachepetsa m'mbali kuti pulogalamu ione ngati foni ndi yaitali. Mukamaliza muizimitse. Zikakanika, chepetsani Display size ndi Font size pa Display. Njira yomaliza ndi ya Developer options, yotseguka mukadina Build number kasanu ndi kawiri pa About phone. Mmenemo muli Smallest width. Lembani papepala nambala yomwe mwaipeza, muonjezere 20 kapena 30 nthawi imodzi, muyese. Mukakweza kwambiri zilembo zimachepa mosawerengeka ndipo kubwezera kumavuta.

Netiweki ndi kutchaja

Kathireyi ka Titan Pocket kamatenga ma nano SIM awiri, kapena SIM imodzi ndi memore khadi. Wofuna Airtel ndi TNM pamodzi aiwale za memore khadi, ndipo 128 GB ya mkati ndi yokwanira kwa ambiri. Mafoni akamaimbika koma intaneti osagwira, onani kaye kuti data mwaiika pa SIM yomwe ili ndi bandulo. Kenako onani Access Point Names, masetingi olumikiza foni ku intaneti ya kampani yanu. Foni yobwera kunja nthawi zina imakhala yopanda kanthu pamenepo, ndipo ofesi kapena nambala yothandiza makasitomala ya kampani yanu ikupatsani zoti mulembe.

Musakhomere foni pa 4G yokha. Pomwe kuimba kudzera pa 4G sikukugwira, foni imatsikira ku 3G kapena 2G kuti iimbe ndi kutsegula menyu ya *211# kapena *444#. Mukaitsekera njira imeneyo, intaneti iyenda koma mafoni sazilowa. M'zigwa za ku Thyolo ndi kuseri kwa phiri la Mulanje siyani foni izisankha yokha.

A ku Muloza ndi Limbuli ali ndi nkhani ina. Nsanja za ku Milange zili pafupi, ndipo foni imatha kugwira netiweki ya ku Mozambique inu muli kwanu. Zimitsani Roaming pa SIM iliyonse, muzimitsenso Automatically select network, musankhe nokha kampani yanu pa mndandanda.

Masiku awiri kapena atatu oyamba batire imatha msanga chifukwa foni ikukopera zithunzi, kusintha mapulogalamu ndi kubwezeretsa mauthenga, choncho muiweruze sabata ikatha. Malo ofooka netiweki amadyanso batire popeza foni imalimbikira kusaka nsanja. Pawa banki yolembedwa 10,000 mAh imadzaza foniyi kamodzi ndi theka kapena kupitirirako pang'ono, osati kawiri ndi theka, chifukwa mphamvu ina imatayika posintha mavoteji. Foni ikamalemba yokha zilembo kapena sikirini kudumphadumpha ili pa tchaja, makamaka ya pa sola, pa jenereta kapena kotchajitsa pamsika, ichotseni muyesenso. Zikasiya, vuto ndi tchajayo, yomwe magetsi ake osayera amasokoneza kiyibodi yomva kukhudza. Sinthani mutu wa tchaja kaye, kenako chingwe cha USB-C, ndipo ngati magetsi a pamalopo ndi osakhazikika, tchajani pawa banki kenako foni muitchajire ku pawa bankiyo.