Mmene mungapezere zithunzi zabwino za geni yanu osataya ndalama pachabe

Anzanga amene mumagulitsa katundu pa WhatsApp ndi pa Facebook, nkhani ya zithunzi tiyikambe bwinobwino chifukwa ambiri makasitomala akutithawira pomwepa ife osadziwa. Munthu ali ku Mzuzu inu muli ku Ndirande, sanakuonenipo, katundu wanu sanamugwirepo, koma mukufuna ayambe watumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money kenako inu mukasiye katunduyo ku courier. Nde iyeyo akudalira chani? Chithunzi basi. Ndipo anthu anaberedwa mokwanira ndi akamberembere a pa foni moti aliyense pano ndi wochenjera, akangoona kuti chithunzi mwachitola pa Pinterest kapena pa Shein amadutsa osafunsa olo mtengo. Atelala ndi ophika makeke izi zikukukhudzani kwambiri, kuposita keke ya munthu wa ku Johannesburg ngati yanu kumakubweretserani oda imodzi yokha, tsiku lolandira kasitomala akaona kuti sizikufanana sabweranso ndipo amauza anzake onse a ku ofesi.

Ena amati foni yanga ili ndi kamera yabwino nde wojambula ndi wachani. Zoona mafoni a masiku ano akujambula bwino, koma chimene mumalipira kwa katswiri si kamera, ndi diso lake pa nkhani ya kuwala ndi mitundu. Tengani chitenje cha buluu muchijambule usiku pansi pa babu lachikasu lija, chimatuluka ngati chobiriwira, kasitomala alipira akuganiza zobiriwira, chikafika ayamba kukuimbirani kuti si mtundu umene ndinaona uja, mubweze ndalama. Botolo la uchi mukalijambula ndi flash limangothwanima pakati, lebo osawerengeka. Wodziwa ntchito amadziwa kuti kuwala kuchokere mbali iti kuti uchiwo uoneke mtundu wake weniweni, ndipo zithunzi zanu zonse zimatuluka zofanana kaonekedwe moti munthu akamaseweretsa foni amazindikira kuti aka ndi ka peji kaja asanawerenge dzina.

Posankha wojambula musangotenga amene anajambula chinkhoswe cha mchemwali wanu chifukwa anajambula bwino. Kujambula anthu akuvina pa perekaniperekani ndi kujambula paketi ya chiponde ndi ntchito ziwiri zosiyana, ena amatha zonse koma ambiri ayi. Mufunseni akuonetseni ntchito ya katundu imene anagwirapo, ndipo asakuonetseni zithunzi zisanu zosankha zokha, akuonetseni zonse zimene anapereka kwa kasitomala mmodzi. Mukamaona, kulitsani chithunzicho ndi zala muone ngati zolemba za pa lebo zikuwerengeka, ngati choyera chikuoneka choyeradi osati chotuwa kapena chachikasu, ndi ngati khungu la anthu lili mmene timaonekera kuno osati lowalitsidwa ngati adzola mafuta oyeretsa.

Ndalama ndikudziwa zikuvuta. Njira imene ine ndimaikonda ndi yogwirizana anthu atatu kapena anayi, kaya a gulu limodzi la banki mkhonde kaya oyandikana mashopu, mumuitane wojambula theka la tsiku malo amodzi aliyense abwere ndi katundu wake mugawane mtengo. Wa makeke ayambe chifukwa zake zimasungunuka, wa zovala atsirize. Thiransipoti ya wojambula imakhala imodzi, kukonza malo kamodzi, aliyense amapita ndi zithunzi zoti agwiritsa ntchito miyezi yambiri.

Koma chimene chimadya ndalama zenizeni ndi kusakonzeka. Wojambula wafika, inu ndi pamene mukufunafuna simbi, magetsi athima, nthawi ikupita ndipo mukulipira. Sitani zovala dzulo lake muzipachike, mabotolo muwapukute asakhale ndi zidindo za zala, sankhani amene lebo inamatidwa mowongoka, ngati katundu wanu ali ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards chionekere chifukwa mashopu akuluakulu amayang'ana chimenecho. Zakudya zikhale za tsiku lomwelo, samusa wa dzulo kamera imamuulula. Ndipo ngati ndi mwezi wa October kotentha kuja, keke ya kirimu isatuluke mu fuliji mpaka zonse zitakonzeka. Nthawi yabwino ndi mmawa dzuwa lisanakwere kapena chakumadzulo cha m'ma 4 koloko, pakhonde kapena pafupi ndi windo lalikulu pamene kuwala kukulowa koma dzuwa silikumenya katundu mwachindunji. Dzuwa la masana limapanga mithunzi yakuda bii pansi pa maso ndi pansi pa katundu. Ngati mujambulira mkati mufunseni ngati magetsi ake ojambulira ali a batire, kuti akathima magetsi ntchito isaime.

Lembani papepala zithunzi zimene mukufuna tsikulo lisanafike mumutumizire. Katundu aliyense akhale ndi chimodzi chapoyera, kumbuyo kulibe chosokoneza, pepala la manila loyera kapena nsalu yosita bwino zimakwana. China chikhale chapafupi kwambiri chooneka msoko wa diresi, zipi ya chikwama, kapena njere za mpunga wa Kilombero mmene zatalikira, chifukwa wogula ali kutali amafuna kuona zimene akanagwira ndi manja. China katunduyo ali m'manja mwa munthu kapena atavalidwa kuti kukula kwake kudziwike, anthu ambiri amakangana ndi makasitomala pa nkhani ya saizi yokhayi, pa foni kachikwama kakang'ono kamaoneka ngati kolowa laputopu.

Tsopano apa ndi pamene ambiri mumakana, koma ine ndikakamira: inuyo eni geni mujambulidwe. Ndikudziwa, ena manyazi, ena amati anthu adziwa zochita zanga, ena amaopa nsanje za achibale. Koma taganizani munthu amene akufuna kutumiza ndalama zake za mwezi wonse kwa munthu wosamudziwa, akaona nkhope, akaona mayi ali pa makina osokera tepi ili m'khosi choko chili m'manja nsalu zodula zili mbali, mtima umakhala pansi kuti uyu alipodi ndipo ntchitoyi amaigwira yekha. Simukuyenera kuvala suti kapena kupita ku studio kukakhala pa mpando wa golide uja ayi. Valani zimene mumavala pa ntchito bola zochapa, apuloni ngati ndinu ophika, ovolosi ngati ndinu akalipentala, ndipo muzigwiradi ntchito iye azijambula, osati kuima chilili manja m'chiuno. Ngati nkhope mwakanitsitsa, manja okha akukanda ufa kapena akupala thabwa aonekeko. Amene muli ndi shopu jambulitsaninso kunja kwake, chikwangwani ndi zoyandikana nazo zioneke, chifukwa kuno timalondolerana ndi zizindikiro, chithunzi chimenecho chimathandiza wakabaza kupeza malo ndipo muchiikenso pa Google Maps.

Muuzeni wojambula kumene zithunzizo zikupita. Za pa status ndi TikTok zimafuna zoimirira zazitali, 9:16, za pa Instagram ndi Facebook zoimirira pang'ono chabe, 4:5, zimakhala bwino, za mu catalog ya WhatsApp Business, malo oikamo mndandanda wa katundu wanu, bola zofanana mbali zonse. Asiyeko malo opanda kanthu mbali imodzi oti muzilembapo nokha. Ndipo chonde mtengo asaulembe pa chithunzi. Kwacha inatsika ndi 25% mu May 2022, inatsikanso ndi 44% mu November 2023, mitengo ya shuga, mafuta ophikira ndi nsalu imasintha mosayembekezera, nde mukamata mtengo pa chithunzi chimene mwalipira ndiye kuti mwezi wamawa chatha ntchito, kapena kasitomala akutumizirani chakalecho nkumati koma munalemba chonchi. Mtengo uzikhala m'mawu apansi omwe mungasinthe.

Musanapereke dipoziti gwirizanani molemba, olo pa WhatsApp pomwepo bola zikhale zolembedwa. Zithunzi zingati zoedita, mulandira liti, ndipo asaikepo dzina lake lalikulu pakati pa katundu wanu. Chithunzi ndi ntchito yotetezedwa ndi lamulo la Copyright Act la 2016 monga nyimbo ndi mabuku, bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira za umwini wa ntchito zoterezi, choncho mumve kuchokera kwa iye kuti muli ndi ufulu wozigwiritsa ntchito pa intaneti, pa lebo, pa banala ndi pa kalendala popanda kulipiranso. Lamulo lomweli ndi chifukwa chinanso chosiyira kutola zithunzi za eni ake. Amene akuvalirani zovala, kaya ndi msuweni wanu, adziwe kuti nkhope yake ikhala pa Facebook ndipo avomere, ngati ndi mwana makolo ake avomere. Kasitomala wa ku saluni musamuposite chifukwa choti tsitsi latuluka bwino musanamupemphe. Pa kuedita muuzeni achotse fumbi ndi makwinya koma mtundu wa katundu asaukhudze.

Polandira, zisabwere ngati zithunzi wamba za pa WhatsApp chifukwa WhatsApp imazifinya kuti zipepuke, mukazitumizanso kawiri katatu zimafika poti mbuu. Atumize ngati Document, kapena pa Google Drive, kapena mupite ndi fulashi. Mupemphe mitundu iwiri, zopepuka zoposita tsiku ndi tsiku kuti bandulo isathe, ndi zazikulu zosindikiza, osindikiza malebo ndi timapepala totsatsira malonda amafuna 300 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi papepala), ndipo tsiku lina mukadzapeza malo ku Trade Fair ku Chichiri mudzazifuna zazikuluzo. Musungenso kwina kupatula mu foni, foni imabedwa mu minibasi.

Mukazilandira musazithire zonse pa status tsiku limodzi, status imatha pa maola 24 ndipo palibe amene amaona zithunzi 40 mpaka kumapeto. Ziikeni mu catalog, imalola katundu mpaka 500, munthu akafunsa mungomutumizira linki, pa status muziika ziwiri zitatu patsiku mosinthasintha.

A kaunjika nkhani yanu ndi yosiyana pang'ono chifukwa belo lililonse limabwera ndi zake ndipo chovala chilichonse ndi chimodzi chokha, simungaitane katswiri sabata iliyonse. Inu mulipireni kamodzi akujambuleni inuyo ndi malo anu, kenako akukonzereni kakona kamodzi m'nyumba kapena pakhonde, akuonetseni pokhoma msomali wa hang'ala, poima inu ndi foni, ndi nthawi imene kuwala kumakhala bwino pamenepo. Ikani chizindikiro pansi ndi choko kapena tepi kuti tsiku lililonse muziima pomwepo, galasi la kamera muzilipukuta ndi kansalu kofewa musanayambe, flash muzimitse, ndipo zoom musagwiritse ntchito, sunthani inuyo muyandikire chovalacho.