Momwe mungapangire kabokosi kolamulira Tesla coil ndi Arduino Nano

Anthu amene anabwera kudzaona mphezi za Tesla coil yanga, koyilo yotulutsa mphezi, kuseri kwa nyumba ku Kapata muno mu Chipata akhala akundifunsa za kabokosi kamene ndinagwira m'manja usiku uja, kokhala ndi zopotokola ziwiri ndi batani lofiira. Maso a anthu amathamangira pa koyilo, koma chimene chandidyera nthawi ndi ndalama zambiri ndi kabokosiko. Dzina lake ndi interrupter, ndipo ntchito yake ndi kuuza koyilo nthawi yoyaka ndi nthawi yopuma.

Nikola Tesla atapanga koyilo yake mu 1891 ankadula magetsi ndi kampata kodumphapo moto pakati pa zitsulo ziwiri. Zathu za masiku ano zimadula ndi matiransisitala. Yanga ndi yaing'ono, ya mtundu wotchedwa DRSSTC, yokhala ndi matiransisitala awiri amphamvu otchedwa IGBT, a FGH60N60. Mu mtundu umenewu mphamvu ya magetsi mu primary, koyilo yoyamba imene magetsi amalowamo, imangokwerakwera nthawi yonse imene koyilo ili yoyaka, mpaka kupitirira kutali ma amp 60 olembedwa pa tiransisitala. Chimene chimapulumutsa matiransisitalawo ndi chakuti amayaka kanthawi kochepetsetsa, kenako n'kupuma nthawi yaitali kuti azizire. Kanthawi koyakako timakatcha on-time ndipo timakayeza m'ma microsecond, gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi. Kuchuluka kwa maulendo oyaka pa sekondi imodzi ndiye BPS. Zinthu ziwiri zokhazi ndi zimene kabokosi kathu kamalamulira.

Ndikutenga kuti koyilo ndi bolodi ya driver, imene imayatsa ndi kuzimitsa ma IGBT, munamaliza kale.

Zogula, ndi kumene muyenera kusamala

Mufunika Arduino Nano (kakompyuta kakang'ono kolembamo pulogalamu), ma potentiometer awiri a 10k (zopotokola zija), batani losindikiza lobwerera lokha mukalisiya, swichi, maresisita a 220 ohm, 10k ndi 33k, ma capacitor a 100nF angapo ndi imodzi ya 10nF, tchipi ya 74HC123 ndi ya 74HC08, batire ya 9V, chingwe cha fibre cha pulasitiki cha 1mm chotalika mamita asanu kapena kuposa, ndi timaso take tiwiri: kotumiza IF-E96E ndi kolandira IF-D95T. Pomaliza, chitini chachitsulo. Changa ndi cha mabisiketi.

Nano yongokopera ndi yabwinobwino, musawononge ndalama pa yeniyeni. Kumbukirani kokha kuti zambiri zimabwera ndi tchipi ya CH340 imene imafuna driver yake pa kompyuta, ndipo ikakana kulandira pulogalamu sankhani Old Bootloader mu Arduino IDE. Ma potentiometer musazule pa voliyumu ya wailesi yakufa ayi. Ya voliyumu nthawi zambiri imakhala yolembedwa A, imakwera pang'onopang'ono kenako n'kulumpha chakumapeto. Funani yolembedwa B10K. Maresisita ndi ma capacitor okha ndiye pemphani kwa okonza mawailesi ndi ma TV, ali nawo mulu m'zitini ndipo mtengo wake ndi wakucheza.

Timaso ta fibre ndinatisowa muno mu Chipata. Ndinaitanitsa pa intaneti, katundu n'kufikira kwa mbale wanga ku Lusaka, iye n'kunditumizira pa basi. Amene mumawoloka pa Mwami pafupipafupi, funsaninso ku Lilongwe, ndi kufupi kusiyana ndi Lusaka. Pa ma IGBT ndipamene pali akuba. Wogulitsa wina anandipatsa anayi pa mtengo wa imodzi, ndinakondwa. Nditapukuta ndi kansalu ka spirit, zilembo zinafufutika zonse, miyendo inali ndi mtovu wakale. Mtengo ukatsika chonchi, siyani.

Pulogalamu: lolani Timer1 igwire ntchito

Mwendo wapakati wa potentiometer yoyamba upite pa A0, wa yachiwiri pa A1, ya m'mbali pa 5V ndi GND. Pa mwendo wapakati uliwonse ikani 100nF yopita ku GND. Batani pa pini 2. Chizindikiro chituluke pa pini 9. Musagwiritse pini 13, chifukwa Nano ikamadzuka imaphethiritsa pini imeneyo yokha pulogalamu yanu isanayambe, ndipo kuphethira kumodzi kokhako ndi kwakutali kokwanira kupha matiransisitala.

Mkati mwa ATmega328P, tchipi yaikulu ya Nano, muli kawerengero ka 16-bit kotchedwa Timer1, komangiriridwa ku pini 9. Tchipiyo imathamanga pa 16 MHz. Mukagawa ndi 8, kawerengeroko kamagunda kamodzi pa theka la microsecond, ndiye kuti maulendo 2,000,000 pa sekondi. Mu pulogalamu ikani Timer1 pa mode 14: mu TCCR1A yatsani COM1A1 ndi WGM11, mu TCCR1B yatsani WGM13, WGM12 ndi CS11. Mukatero ICR1 ndiye imasunga kutalika kwa ulendo wonse, OCR1A imasunga on-time. Masamu ake ndi osavuta. Pa BPS ya 100, gawani 2,000,000 ndi 100, muchotse 1, ICR1 ikhale 19999. Pa on-time ya ma microsecond 100, OCR1A ikhale 199. Kawerengeroko kamathera pa 65535, choncho pa kagawidwe aka simungatsike kupitirira pafupifupi 31 BPS. Ine ndinaika kuyambira 40 kufika 400.

Zowerenga za A0 ndi A1 zimabwera pakati pa 0 ndi 1023, muzisandutse BPS ndi on-time. Ndiye muike malire awiri amene dzanja silingawadumphe ngakhale mutapotokola mpaka kumapeto. Kwa ine on-time siipitirira 120, ndipo nthawi yoyaka siipitirira 3 pa 100 ya ulendo wonse. Pa 400 BPS ulendo umodzi ndi ma microsecond 2,500, kotero pulogalamu imadula on-time kufika 75 payokha. Manambala anu adalira koyilo yanu, koma yambirani pansi.

Kanthu kena kamene ambiri sakadziwa: kulemba 0 mu OCR1A sikuzimitsa pini kotheratu, kamatsala kachizindikiro kowonda ulendo uliwonse. Batani likasiyidwa, zimitsani COM1A1 ndi kukankhira pini pa LOW.

Pamene panandiwotchera ndalama

Kabokosi kanga koyamba kanalibe zonsezi. Ndinalemba zimene aliyense amayamba nazo: yatsa pini, dikira ndi delayMicroseconds, zimitsa pini, dikiranso. Pa tebulo zinkayenda bwino kwambiri. Nano inali m'kabokosi kapulasitiki, magetsi ake ndinkatenga pa tchaja ya foni yolumikizidwa pa adaputa imodzi ndi koyilo, ndipo chizindikiro chinkapita ku driver pa waya wamkuwa wa mamita atatu wochokera ku sipika yakale. Chitetezo chodula mphamvu ikapitirira, chija cha pa driver chotchedwa OCD, ndinali ndisanachitchere bwino, ndinkati ndichita mawa.

Unali usiku wa mu Okutobala, kunja kukadali kotentha. Ndinayamba ndi on-time yochepa, kamphezi kofiirira kakutuluka pa nsonga ngati chala, kakulira ngati njuchi yaikulu. Ndinakweza pang'ono, kanatalika kufika ngati chikhatho. Kenako kulira kuja kunasintha, kunakhala mluzu umodzi wosadukiza, osafika ndi sekondi yomwe, ndiye phaa! Babu la pakhonde linazima, fungo la pulasitiki yopsa linadzaza pabwalo. M'mawa nditatsegula ndinapeza IGBT imodzi yang'ambika pakati, inzake yooneka bwino koma mita ikulira miyendo yonse itatu. Awa anali enieni, osati achinyengo aja, ndipo ndinawadikira milungu yambiri. Mtima unandipweteka kwambiri.

Masiku awiri ndinkakayikira driver. Kenako ndinanyamula zonse kupita nazo kwa mkulu wina amene wakhala akukonza mawailesi pafupi ndi msika kuyambira ndili mwana. Tesla coil anali asanaigwirepo, koma anatenga waya uja, anautambasula ndi manja onse awiri, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwana wanga, uwu si waya, ndi mlongoti wa wailesi. Chinthu chakocho chikuulutsa, uwu ukukola, n'kukathira zonse m'mutu mwa kakompyuta kako."

"Ndiye nditani, bambo?"

"Katsekere m'chitini. Ndipo kasamadye mbale imodzi ndi chilombocho."

Ananena zoona. Ndinayesa kunyumba ndi mphamvu yochepa, nditaika LED m'malo mwa driver n'kuyendetsa koyilo ndi kabokosi kobwereka: waya uja ukayandikira, Nano inkauma, ndipo maulendo ena inkaumira pakati pa mzere woyatsa ndi mzere wozimitsa. Pini inkatsala pa HIGH popanda woizimitsa. Koyilo imene inayenera kuyaka ma microsecond 100 inayaka mosalekeza.

Ndiye chifukwa chake ndikukakamira Timer1. Imawerenga payokha, pulogalamu ikauma iyo imapitiriza kudula chizindikiro pa nthawi yake. Koma sindinakhutire ndi chimodzi, ndinaika mipanda ina.

Woyamba ndi resisita ya 10k kuchokera pa pini 9 kupita ku GND. Nano ikamadzukanso mapini ake amakhala olendewera, ndipo waya wolendewera pafupi ndi koyilo umatola chilichonse. Resisitayo imaugwirira pansi.

Wachiwiri ndi 74HC123, imene ilibe pulogalamu ndipo singaume. Pini 9 ipite ku mwendo wake woyambitsa komanso ku mwendo umodzi wa 74HC08. Chotuluka mu 74HC123 chipite ku mwendo wachiwiri wa 74HC08. Chizindikiro chimadutsa pokhapokha onse awiri avomereza. Ndi 33k ndi 10nF, yanga imatsegula chitseko pafupifupi ma microsecond 150 kenako n'kutseka, ngakhale Nano itakakamira pa HIGH mpaka m'mawa. Werengani pepala la tchipi imene mwagula, chifukwa makampani amasiyana kawerengedwe ka nthawi imeneyi.

Wachitatu ndi fibre. Kuwala sikukola phokoso la magetsi, ndipo pakati pa dzanja lanu ndi koyilo sipakhalanso mkuwa. Chotuluka mu 74HC08 chidutse pa 220 ohm kulowa mu IF-E96E. Dulani fibre ndi lezala latsopano kuti nsonga ikhale yosalala. Kumbali ya koyilo, musanalumikize kolandira ku driver, yezani ndi mita: popanda kuwala driver iyenera kuona kuti zima. Timaso tina timatembenuza chizindikiro, ndipo mukalakwitsa apa, fibre ikangosololoka koyilo imayaka yonse. Zulani fibre dala muone chimene chichitike.

Wachinayi ndi chitini ndi batire. Zonse zilowe mkati, mabowo akhale aang'ono, GND imangiridwe ku chitini pamalo amodzi, ndipo palani utoto pamene chivundikiro chimakhudza thupi. Chingwe cha USB chisakhale cholumikizidwa koyilo ikamayaka, pokhapokha ngati laputopu yanu mwatopa nayo ntchito yake n'kufuna kuitaya. Ngati Nano yanu si ya Old Bootloader, yatsaninso watchdog, kalonda ka mkati mwa tchipi, kuti Nano ikauma idzidzutse yokha.

Kuyesa popanda oscilloscope

Ambiri tilibe chipangizo choonetsa chithunzi cha chizindikirochi. Mita wamba ikwanira pa chiyambi. Iikeni pa DC millivolt pa chotuluka cha 74HC08. Pa 100 BPS ndi on-time ya 100, chizindikiro chimakhala choyaka 1 pa 100, ndiye mita iwerenge pafupifupi 50 mV. Ikaonetsa 5V yathunthu, imani pomwepo. Kasipika kakang'ono kodzera pa resisita kakuuzani ngati BPS ikukwera mosalumpha. Kenako gwirizitsani mwendo wolowa wa 74HC123 ku 5V, Nano mutaichotsa, muone ngati chotuluka chikubwerera ku 0.

Tsiku loyatsa

Tcherani OCD musanachite china chilichonse. Magetsi athu a 230V akawongoledwa amasiya pafupifupi 325V m'ma capacitor akuluakulu, ndipo amakhalamo ngakhale mwazula pulagi, choncho ikani resisita yowatsitsa ndipo muziyeza musanagwire. Pansi pa secondary, koyilo yaitali yotulutsa mphezi, pakhale chitsulo chakechake chokhomera m'dothi, osati waya wa earth wa m'nyumba. M'chilimwe dothi lathu limauma gwa, thirani ndowa yamadzi pa chitsulocho. Talikirani udzu wouma ndi madenga audzu, mafoni akhale m'nyumba, ana aime kumbuyo kwanu, ndipo munthu wokhala ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda asayandikire n'komwe. Chitirani panja chifukwa cha mpweya wa ozone. Pa inveta kapena jenereta sindiyatsa.

Zopotokola zonse zikhale pansi, sindikizani batani masekondi awiri, siyani, zulani pulagi, yezani, gwirani heatsink, chitsulo choziziritsa ma IGBT, mumve ngati chatentha. Kwezani on-time pang'ono, bwerezani.

Za kuimbitsa koyilo nyimbo ambiri mwafunsa. BPS ndiyo liwu lomwe khutu limamva, choncho 440 BPS ndi noti ya A, ICR1 pafupifupi 4544. Lembani mndandanda wa manoti ndi kutalika kwake, kwezani malire a BPS, koma malire a 3 pa 100 musawakhudze. Za MIDI, njira yolumikizira zoimbira ngati kiyibodi, ndidzalemba ndikapeza optocoupler (tchipi yodutsitsa chizindikiro ndi kuwala) ya 6N138, imene ndikuidikirabe kuchokera ku Lusaka.