Momwe mungakonzere zaka 4 za digiri ya bayoloje pa koleji ya Chikhristu

Wophunzira akachedwa kumaliza digiri ya bayoloje, kawirikawiri vuto silikhala bayolojeyo. Amakhala atagwa ndi kemisitiri, kapena wazindikira m'chaka chomaliza kuti kosi ya Baibulo imene ankaizengereza ija ndi yofunika kuti alandire pepala. Makoleji a Chikhristu, makamaka a ku America kumene alipo ochuluka, amafuna zinthu ziwiri nthawi imodzi: sayansi yathunthu ndi maphunziro a chikhulupiriro. Zonsezi ziyenera kukwana m'masemesita 8, ndipo sizikwana zokha popanda kuziyalira.

Poyamba, pezani catalog ya chaka chimene mwalowa

Catalog ndi buku la malamulo a maphunziro, ndipo makoleji ambiri amaliika pa intaneti. Musadalire kapepala kokongola kotsatsira sukulu kaja. Lamulo la makoleji ambiri n'lakuti mudzaweruzidwa ndi catalog ya chaka chimene munayamba, ngakhale zofunika zitasintha pambuyo pake. Ikopereni pa kompyuta yanu, muisunge.

Kenako werengani makirediti

Digiri yoyamba ku America nthawi zambiri imafuna makirediti pafupifupi 120, ndiko kuti mapointi amene mumapeza pa kosi iliyonse mukaikhoza; makoleji ena amawonjezerapo pang'ono. Mukagawa ndi masemesita 8 mupeza 15 pa semesita. Kosi wamba imakhala ya makirediti 3. Kosi ya sayansi yokhala ndi labu imakhala ya makirediti 4, koma musapusitsike ndi nambalayi: kirediti imodzi yowonjezerayo imadya pafupifupi maola 3 pa sabata muli mu labu, osawerengera nthawi yolemba lipoti. Semesita ya makirediti 16 yokhala ndi malabu atatu ndi yolemera kwambiri kuposa ya makirediti 16 ya mnzanu wophunzira mbiri yakale.

Tengani pepala, mugawe makirediti m'magulu: a bayoloje yeniyeni, a sayansi zothandizira (kemisitiri, fizikisi, masamu), a maphunziro amene aliyense pa kolejipo amatenga, ndi otsala amene mungasankhe nokha. Otsalawo mudzadabwa kuchepa kwake.

Yambirani ku chaka chomaliza, mubwerere m'mbuyo

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndiye tikhalitsepo. Pansi pa kosi iliyonse mu catalog pamakhala kamzere kakang'ono kolembedwa kuti prerequisite, kutanthauza kosi imene muyenera kukhoza kaye musanaloledwe kulowa m'kalasi imeneyo. Anthu amawerenga dzina la kosi n'kulumpha kamzereka. Inu muzikawerenga koyamba.

Tiyerekeze kuti mukufuna Biochemistry m'chaka chachitatu. Kamzere kaja kakuuzani kuti mukhale mutamaliza Organic Chemistry. Organic Chemistry nayo imafuna General Chemistry, imene imatenga masemesita awiri. General Chemistry pamakoleji ena salola kuyamba ngati masamu anu sanafike pamlingo wina. Ndiye kuti kosi ya chaka chachitatu ija imayambira pa mayeso a masamu amene mumalemba sabata yoyamba mutangofika. Zili ngati unyolo: mphete imodzi ikaduka, zonse za kutsogolo zimagwa.

Nachi chimene chimachitika mukalakwa General Chemistry gawo loyamba m'semesita yoyamba. Makoleji ambiri a Chikhristu ndi ang'onoang'ono, ndipo kosi ngati imeneyi ikhoza kuphunzitsidwa kamodzi kokha pachaka. Mudikira mpaka chaka chamawa kuti mubwereze. Organic Chemistry yasunthira ku chaka chachitatu, Biochemistry ku chachinayi, ndipo ngati mumafuna kulemba MCAT, mayeso olowera sukulu ya udokotala amene ambiri amalemba chakumapeto kwa chaka chachitatu, ndondomeko yonse yasokonekera. N'chifukwa chake ine ndimati kemisitiri muiyambe semesita yoyamba ndipo muipatse nthawi yochuluka kuposa kosi ina iliyonse, ngakhale mtima wanu uli pa zinyama ndi zomera.

Mbali ya bayoloje imayenda motere m'malo ambiri. Chaka choyamba ndi General Biology, magawo awiri: lina la maselo, DNA ndi momwe zamoyo zimatengera kwa makolo, lina la mitundu ya zamoyo ndi momwe zimakhalirana. Chaka chachiwiri ndi chachitatu kumabwera Genetics, Cell Biology, Ecology, ndipo ambiri amawonjezera Microbiology kapena Physiology. Mu labu ya Genetics mwina mudzakhala madzulo onse mutawerama pa maikulosikopu, kaburashi m'manja, mukusiyanitsa tintchentche ta zipatso ta maso ofiira ndi ta maso oyera, tisanadzuke ku mankhwala otigonetsa. Ndi ntchito yomweyo imene Thomas Hunt Morgan anayamba nayo ku Columbia University mu 1910. Muzilemba nambala zanu mosamala, chifukwa lipoti lidzafuna masamu a statistics, amene ndi bwino kuwatenga musanafike pano.

Chongani makosi olembedwa kuti amaphunzitsidwa kamodzi pa zaka ziwiri zilizonse. Mukaiphonya kosi yotere m'chaka chachitatu, simudzaionanso musanamalize.

Ikani makosi a Baibulo pa pepala lomwelo

Apa ndi pamene koleji ya Chikhristu imasiyana ndi zina. Makoleji ambiri otere amafuna kosi ya Chipangano Chakale, ya Chipangano Chatsopano ndi ya chiphunzitso cha Chikhristu. Ena amafuna zambiri: Biola University ku California yakhala ikudziwika pofuna makirediti 30 a Baibulo kwa ophunzira ake, ndipo Cedarville University ku Ohio imafuna kuti aliyense atenge minor ya Baibulo, ndiko kuti kagulu ka makosi owonjezera pa phunziro lake lalikulu. Makirediti 30 ndi chaka chathunthu cha maphunziro. Si chinthu choipa, poti ambiri amasankha sukulu zoterezi chifukwa cha zomwezo, koma malo a makosi osankha nokha amachepa kwambiri.

Njira yabwino ndi kutenga kosi imodzi ya Baibulo semesita iliyonse, pambali pa malabu awiri. Kuwerenga ndi kulemba nkhani kumapumitsa mutu ku masamu a kemisitiri. Mukaziunjika kumapeto, zidzalimbana ndi kafukufuku wanu. Fufuzaninso za mapemphero a m'chapelo: m'makoleji ambiri amawerenga amene abwera, ndipo kujomba kopitirira malire kuli ndi chilango chake ngakhale mapempherowo alibe makirediti.

Sankhani pakati pa BS ndi BA

Iyi ndi mitundu iwiri ya digiri yoyamba: Bachelor of Science (BS) ndi Bachelor of Arts (BA). BS imakhala ndi sayansi zothandizira zambiri, nthawi zambiri fizikisi ya chaka chonse, Organic Chemistry ndi calculus. BA imachepetsa zimenezi n'kusiya mpata wa zilankhulo kapena maphunziro ena. Wofuna udokotala kapena kafukufuku, BS imamuyalira njira. Wofuna uphunzitsi afunse msanga za makosi a zauphunzitsi, chifukwa semesita yonse yomaliza imapita ku kuphunzitsa koyeserera m'sukulu.

Funsani za evolution musanalipire kalikonse

Funsoli ena amachita nalo manyazi, koma ndi lofunika. Makoleji a Chikhristu sagwirizana pa nkhani ya chiyambi cha zamoyo. Chikalata cha chikhulupiriro cha Cedarville chimati dziko linalengedwa m'masiku 6 enieni. Ku Calvin University ku Michigan, aphunzitsi a bayoloje amaphunzitsa evolution, ndiko kuti kusintha kwa zamoyo pang'onopang'ono m'mibadwomibadwo, ngati njira imene Mulungu anagwiritsa ntchito, maganizo ofanana ndi a Francis Collins, amene anatsogolera Human Genome Project, kafukufuku wamkulu wa DNA ya munthu, ndipo anayambitsa bungwe la BioLogos, lokhudza sayansi ndi chikhulupiriro, mu 2007. Werengani chikalata cha chikhulupiriro cha kolejiyo, muone ngati amene amasainira ndi aphunzitsi okha kapena ophunzira omwe, kenako mulembere mkulu wa dipatimenti ya bayoloje mumufunse mabuku amene amagwiritsa ntchito.

Chikhulupiriro chanu ndi chanu. Koma kaya muime mbali iti, evolution muyenera kuidziwa bwinobwino, chifukwa maphunziro apamwamba a bayoloje amayembekezera kuti mumaimvetsa. Koleji imene imangoilambalala osaiphunzitsa ikukumanani chida chogwirira ntchito.

Pomwepo funsaninso ngati kolejiyo ndi yovomerezeka ndi bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, zimene amati accreditation. Popanda chimenechi, makirediti anu akhoza kukanidwa kwina.

Zaka ziwiri zomaliza

Yang'anani malamulo a magiredi. GPA ndi avareji ya magiredi anu onse; ya 2.0 ndiyo imakhala yotsikitsitsa kuti munthu amalize m'malo ambiri, ndipo madipatimenti ambiri salandira giredi yochepera C pa makosi a bayoloje. Kukhoza ndi D kungakupatseni makirediti koma osakutsegulirani kosi yotsatira. Sukulu za udokotala zimafuna magiredi apamwamba kwambiri kuposa amenewa.

Pitani kwa mphunzitsi amene kafukufuku wake wakusangalatsani m'chaka chachiwiri, osati chachinayi. Ubwino wa koleji yaying'ono ndi woti nthawi zambiri palibe ophunzira a PhD olimbirana nawo malo mu labu. Okonda zachilengedwe afunse za Au Sable Institute ku Michigan, imene imaphunzitsa makosi a kutchire kwa ophunzira ochokera m'makoleji ambiri a Chikhristu, koma atsimikize kaye kuti koleji yawo idzawerenga makireditiwo.

Chaka chomaliza chimakhala ndi semina kapena capstone, kumene mumalemba ndi kufotokoza kafukufuku pamaso pa aphunzitsi. M'makoleji a Chikhristu semina imeneyi nthawi zambiri imakhudzanso mafunso a chikhalidwe, monga kusintha majini ndi kusamalira chilengedwe. Musanalembetse makosi a semesita ya 7, pemphani ofesi ya registrar, yosunga zolembera za ophunzira, ikupatseni degree audit, ndiko kuti mndandanda wa zimene mwamaliza ndi zimene zatsala. Muutenge pamodzi ndi catalog ija kwa mlangizi wanu, mufananitse mzere ndi mzere, ndipo chilichonse chimene akulolani kusintha achilembe ndi kusainira.