Kuyenda ndi ana m'tsinde mwa phiri la Mulanje: malangizo kwa makolo

Pa ntchito yanga yoyendera alimi m'midzi ya kuno ku Mulanje ndimakonda kufunsa ana amene ndawapeza pakhomo ngati anafikako ku Dziwe la Nkhalamba, dziwe la pa mathithi a m'phiri lathuli, ndipo ambiri amayankha kuti amangolimva dzina. Awatu ndi ana amene amati akadzuka m'mawa phiri lili pamaso pawo, pomwe alendo amachoka ku Lilongwe ngakhalenso kunja kwa dziko lino kudzaona zimene ife tili nazo kuseri kwa nyumba. Chimene chimagwetsa ulesi makolo ambiri ndi maganizo akuti kukayenda ndi ana n'kwa anthu a galimoto. Ine ndikuti banja lililonse likhoza kukwanitsa ulendo wa tsiku limodzi, malinga liukonze monga timakonzera ntchito ya kumunda, poyang'ana nyengo, kuyeza mphamvu za anthu amene alipo, ndi kusonkhanitsiratu zofunika tsikulo lisanafike.

Choyamba ndi nyengo. Kuyambira Disembala mpaka Epulo musatengere ana kufupi ndi mitsinje yochokera m'phirimu, monga Likhubula, Lichenya, Ruo ndi Thuchila, chifukwa mvula ikhoza kugwa kumtunda inu muli padzuwa kumunsi, madzi n'kukupezani mwadzidzidzi atanyamula miyala ndi zipika. Tonse amene tinaona zimene anachita namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa mphamvu ya madzi a m'phirimu. Juni ndi Julayi ndi miyezi yabwino, koma ndiyonso ya chiperoni, chimene chimabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza, ndipo mwana wovala kamalaya kamodzi amayamba kunjenjemera m'kanthawi kochepa. Mukadzuka n'kuona phiri litafunda mtambo mpaka m'tsinde, sinthani tsiku. Ine ndimalimbikitsa Ogasiti ndi kumayambiriro kwa Sepitembala, pamene zokolola zili m'nkhokwe, njira zauma, ndipo dzuwa silinafike poswa mtengo ngati la mu Okutobala.

Kutalika kwa ulendo kuyezedwe ndi miyendo ya mwana wamng'ono kwambiri, osati ya bambo ake. Nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, si ya ana; ngakhale akuluakulu amagona m'njira popita kumeneko. Koma kuchokera pa ofesi ya zankhalango ya Likhubula kukafika ku Dziwe la Nkhalamba munthu wamkulu amayenda pafupifupi ola limodzi, ndipo ngati muli ndi ana muwerengere maola awiri, chifukwa iwo amaima pa chiswe chilichonse ndi pa gulugufe aliyense. Musawakalipire akamatero, pakuti zimenezo ndizo mwawabweretsera. Mukafika pa Likhubula dzionetseni ku ofesi, mufunse za ndalama yolowera, ndipo mutenge mmodzi wa otsogolera alendo amene amapezeka pamenepo, mutagwirizana naye mtengo musananyamuke. Mabanja awiri kapena atatu akasonkherana, mtengowo supweteka aliyense.

Pa dziwe penipenipo ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene chisangalalo chimasanduka maliro. Madzi ake ndi oyera moti m'mphepete mumaona timiyala ta pansi, ndipo mwana amaganiza kuti ponseponse ndi posaya, chonsecho chapakati ndi pozama kwambiri. Ndi ozizira zedi ngakhale masana a dzuwa. Mwana akangoviika phazi amalichotsa msanga akuseka, koma amene wadumphiramo thupi lonse akhoza kuuma miyendo n'kulephera kusambira, ngakhale atakhala katswiri wa pa mtsinje wa kwawo. Miyala ya pafupi ndi mathithi imakhala ndi ndere zoterera ngati therere. Choncho musanakhale pansi sankhani munthu wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana ana basi, wosajambula zithunzi, wosagawa chakudya, ndipo akatopa anene poyera kuti wasiyira uje. Ngozi zambiri zimachitika pamene akuluakulu ali ambiri, aliyense n'kumaganiza kuti mnzake ndiye akuyang'ana. Ana aziseweretsa madzi m'mbali mokha, pamene mtsogoleri wanu waloza, ndipo wamkulu amene wamwa mowa asapite nawo ulendowu.

Amene mwasankha kukacheza ku madamu kapena ku timitsinje ta kuchigwa, kumene madzi amayenda pang'onopang'ono, kumbukirani kuti kumeneko kuli nkhono zofalitsa likodzo, ndipo ndi bwino ana angokhala kumtunda.

Si ulendo uliwonse umene uyenera kukhala wa kuphiri. Minda ya tiyi, imene ife tinaizolowera mpaka kusiya kuiona, ndi sukulu yokwanira kwa mwana. Tiyi anayamba kulimidwa kuno ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ndipo esiteti ya Satemwa ku Thyolo, imene imalandira alendo, inayamba mu 1923. M'minda ya makampani musalowe osapempha chilolezo, ndipo ana asathyole kanthu. Njira yapafupi ndi kupempha mlimi wa tiyi wa m'mudzi mwanu kuti akuonetseni munda wake. Mwana agwire yekha nsonga yanthete ija, masamba awiri ndi kamphukira kake, aimve kufewa, aifananize ndi tsamba lokhwima la m'munsi, kenaka ayese kunyamula dengu lodzaza. Mwana amene wachita zimenezi sadzaonanso kapu ya tiyi, ngakhalenso amayi ake akamabwera kothyola masamba atanyowa ndi mame, monga ankaonera kale. A ku Thyolo mukhoza kuchita chimodzimodzi m'munda wa nthochi kapena wa makadamiya, ndipo a kuno musaiwale minda ya chinanazi, pakuti alipo ana a m'tauni amene amaganiza kuti chinanazi chimabereka mumtengo.

Pali mtengo umodzi umene ndimalakalaka mwana aliyense wa m'boma lino ataudziwa. Mkungudza wa ku Mulanje ndi mtengo wa fuko lathu, ndipo mwachilengedwe sumera kwina kulikonse pa dziko lapansi koma m'phiri lino lokha. Macheka ndi moto wolusa zaumaliza moti mitengo ikuluikulu yatsala pang'ono kutheratu, n'chifukwa chake a zankhalango pamodzi ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust akhala akufesa mbande m'manazale. Funsani pa Likhubula kumene ana angakaone mbandezo. Muwauzenso kuti mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse, makamaka chifukwa cha ulemu umene makolo athu ankalipatsa. Apa ndi pamene agogo amafunika. Ngati miyendo ikuwalola apite nawo, ngakhale akangokhala pamthunzi poyambira njira, kuti asimbe okha za mizimu ya m'phiri ndi za Napolo, ndi kutchula mayina a mitengo ndi mbalame amene ife a pakatikati tinayamba kuwaiwala.

Kamba asakudetseni nkhawa. Mbatata kapena chinangwa chophika, mtedza wokazinga, nthochi, zitumbuwa ndi thobwa n'zokwanira, ndipo ziphikidwe kunyumba kuti musakakoleze moto m'tchire nthawi imene udzu wauma. Madzi akumwa atengedwe kunyumba, owiritsa kapena othira klorini, botolo la munthu aliyense. Ana avale nsapato zogwira phazi, osati mapatapata, atenge juzi ngakhale kunja kukuwala, ndipo muwaonetse chitedze asanachikhudze, poti ubweya wake ukangogwera pakhungu ulendo wonse umathera pa kulira ndi kukanda. Asapise dzanja m'mauna kapena pansi pa miyala, ndipo anyani mukakumana nawo musawaponyere chakudya. Mapepala ndi mabotolo onse abwerere m'chikwama chimene anabweramo.

Nyamukani m'mamawa, mutauza wina wotsala pakhomo kumene mukupita ndi nthawi imene mubwerere, foni ili ndi moto wokwanira ndiponso ndalama ya minibasi kapena ya kabaza yobwererera mutaisunga payokha. M'miyezi yozizira mdima umagwa isanakwane 6 koloko, ndipo kutsika ndi ana otopa kumachedwa kuposa kukwera, makamaka wamng'ono akafuna kuberekedwa. Ikamakwana 2 koloko masana yambani kulongedza, muwerenge ana mmodzimmodzi powatchula mayina, wamkulu mmodzi atsogole, wina atsalire kumbuyo kwa mwana womaliza.