Hilux inkagwedezeka pozimitsa, vuto linali valavu ya mpweya

Hilux yanga ya injini ya 2KD-FTV inayamba kufooka pamtunda, utsi wakuda uli tolotolo kumbuyo. Koma chimene chinandilozera pomwe panali vuto ndi kazimidwe kake: ndikazimitsa, injini inkayamba yagwedezeka kaye mwamphamvu. Pa injini ya dizilo, kuzima bwinobwino ndi ntchito ya kachitseko ka mu throttle body, valavu imene mpweya umadzera polowa mu injini. Kamatseka mpweya pozimitsa, ndipo injini ikamalira kamatsekako pang'ono kuti utsi wa EGR (njira yobwezera utsi wina mu injini) ukokeke kulowa mu manifold, mapayipi ogawira mpweya ku masilinda.

Makina ounikira anaonetsa code ya P0488, nambala yolozera vuto pa kachitsekoka. Ambiri akaona nambala imeneyi amathamangira kukagula throttle body ina, chonsecho yakaleyo mwina sinafe. Zimandiwawa kuona ndalama zikupita chonchi.

Ndinayamba ndi pulagi ndi mawaya a throttle body: zonse zinali bwino, popanda dzimbiri. Kenako ndinamasula payipi yochokera ku intercooler (chozizitsira mpweya) n'kuunika mkati ndi tochi. Munali mwaye wosakanikirana ndi oyilo, wakuda bii, womata ngati phula, utaunjikana m'mbali mwa kachitsekoko. Nditakakankha ndi chala, kankayenda mokakamira, osabwerera msanga.

Ndinachotsa throttle body yonse n'kuitsuka ndi mankhwala a carb cleaner ndi mswachi wakale, mosamala kuti mankhwalawo asalowe mu mota kapena mu sensa. Valavu ya EGR ndinaitsukanso, poti mwayewo umachokera kumeneko; mukaisiya, vutolo limabwerera. Nditaika gasiketi yatsopano n'kufufuta code ija, ndinakaiyesa galimotoyo pamtunda. Mphamvu zinabwerera, utsi unachepa, ndipo tsopano ikuzima osagwedezeka.