Windows ili pa SSD koma kompyuta ikuyakira pa hard drive yakale: mmene mungasamutsire boot

Ambiri tikagula SSD, disiki yothamanga kuposa hard drive, timaiika mu kompyuta hard drive yakale idakali momwemo, kenako n'kuikapo Windows. Kompyuta imayamba kuthamanga, mtima n'kukhala pansi. Vuto limabuka tsiku lomwe mwachotsa hard drive yakaleyo kapena mwaifufuta kuti muzisungiramo zithunzi. Mukayatsa, pasikirini pangobwera mawu oti No bootable device.

Windows yanu sinawonongeke ayi. Pulogalamu yoikira Windows ikapeza kuti pa disiki ina pali kale kachigawo kosungira mafayilo oyatsira kompyuta, nthawi zambiri imangolemba momwemo. Kachigawoka kamatchedwa EFI System Partition. Katundu yense anasamukira kunyumba yatsopano, koma makiyi anatsala kunyumba yakale. Ntchito yathu ndi yosula makiyi ena pa SSD, kutanthauza kusamutsirapo boot, mafayilo oyatsira kompyuta aja, ndipo palibe chifukwa choikiranso Windows.

Bwezerani kaye hard drive yakale kuti kompyuta iyake. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani msinfo32, muone mzere wa BIOS Mode. Ngati palembedwa UEFI, njira ili m'munsiyi ndi yanu. Makompyuta onse ogulidwa ndi Windows 11 amagwiritsa ntchito UEFI, komanso ambiri a Windows 10. Ngati palembedwa Legacy, onani ndime yakumapeto.

Musanakhudze chilichonse, koperani mafayilo anu ofunika pa fulashi kapena pa disiki yakunja. Ngati ndi laputopu, batire ikhale yodzaza. Ngati ndi kompyuta ya patebulo yopanda UPS (batire losunga magetsi akazima), musayambe nthawi yomwe magetsi akuzimazima, chifukwa kuzima pakati pa ntchito yochepetsa chigawo kungakutayitseni mafayilo. China chomwe anthu amachiiwala ndi BitLocker, loko wa Windows wotsekera disiki kuti ena asawerenge mafayilo anu. Ngati ndi yoyatsa, lembani papepala nambala yake yotsegulira, ya manambala 48, yomwe kawirikawiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft, ndipo muiimitse kaye posankha Suspend protection. Boot ikasintha, BitLocker imatha kutseka disiki mpaka mutapereka nambalayo. Popanda nambala imeneyi, ngakhale katswiri wa makompyuta sangakutsegulireni.

Tsopano sakani cmd, windo lolembamo malamulo, musankhe Run as administrator, mulembe malamulo awa, mzere umodziumodzi:

diskpart
list disk
list volume

Apa ndi pofunika kudekha. Zindikirani SSD yanu poona kukula kwake, osati pongoganiza kuti yatsopano ndi disk 1. Manambalawa amatengera malo omwe chingwe chalumikizidwa. Onetsetsaninso kuti pamzere wa SSD pali kanyenyezi pansi pa Gpt, kosonyeza kuti disikiyo inakonzedwa m'njira yoyenerana ndi UEFI. Mukatsimikiza, pezani malo pochepetsa chigawo cha Windows:

select volume C
shrink desired=300
create partition efi size=260
format quick fs=fat32 label=System
assign letter=S
exit

Kale Microsoft inkanena kuti chigawo cha EFI chisachepere 100 MB, ndipo pa madisiki ena a mtundu wa 4K chisachepere 260 MB. Ine ndimangoika 260 paliponse, chifukwa malowo ndi ochepa kwambiri ndipo mumapewa kudzavutika m'tsogolo mafayilo akachulukamo. Chenjerani ndi lamulo la format: limafufuta chigawo chomwe chasankhidwa panthawiyo. Ngati create partition yakana, imani pomwepo, musapitirize kulemba format, chifukwa chosankhidwa chikhala chidakali C.

Lamulo lenileni losamutsira boot ndi limodzi lokha:

bcdboot C:\Windows /s S: /f UEFI

Limakopera mafayilo oyatsira kuchokera mu Windows yanu n'kuwaika m'chigawo chatsopano chija. Likayenda bwino muona mawu oti Boot files successfully created.

Zimitsani kompyuta, chotsani chingwe cha hard drive yakale, muyatse. Kuyesa kwenikweni ndi kumeneku. Mukayesa hard drive yakale ili momwemo, kompyuta ikhoza kuyakira pa iyo inu n'kumaganiza kuti zatheka. Ikakana, lowani mu BIOS, sikirini yosinthira mmene kompyuta imayakira, podina batani lake mukangoyatsa: pa HP ndi F10, pa Dell ndi F2, pa Lenovo ndi F1 kapena F2. Ikani Windows Boot Manager ya pa SSD pamwamba pa mndandanda, musunge, muyatsenso.

Nanga ngati hard drive yakale inafa kale kapena munaifufuta? Pangani fulashi yoikira Windows pa kompyuta ina ndi Media Creation Tool. Pamafunika fulashi ya 8 GB kapena kuposa. Yatsirani pa fulashiyo, ndipo sikirini yoyamba ikabwera dinani Shift ndi F10. Malamulo ndi omwewa, kungoti kumeneko Windows ikhoza kukhala pa D kapena E. Onani ndi list volume, muike chilembo cholondola m'malo mwa C.

Kwa amene BIOS Mode yawo ndi Legacy, simufunika chigawo cha EFI. Mu diskpart sankhani chigawo cha Windows, lembani active, tulukani, kenako lembani bcdboot C:\Windows /s C: /f BIOS, motsatira ndi bootsect /nt60 C: /mbr.

Kompyuta ikayaka bwino, yatsaninso BitLocker, ndipo ngati chilembo S chikuonekabe, chichotseni mu diskpart ndi select volume S kenako remove letter=S. Hard drive yakale isiyeni mu dirowa kwa sabata imodzi kapena ziwiri musanaifufute. Mukadzaibwezera, koperani zomwe mukufuna, yang'anani list disk kawiri, kenako ndiye mulembe clean, lamulo la diskpart lofufuta disiki yonse, pa disiki yoyenera.